Kusankha zipolopolo zosakira nkhumba zakutchire ndi nkhandwe ku America

Nkhumba yamphongo yoyamba imene ndinawombera kum'mawa kwa Texas inandithawa ili pa mtunda wosakwana mayadi 70. Inali itaima chopingasa m'munda wa udzu wa ng'ombe, ikufukula dothi ngati pulawo, ndipo ndinailoza bwinobwino paphewa. Mfuti italira inagwa, koma nthawi yomweyo inadzambatuka n'kulowa m'zitsamba. Tinayatsa matochi, tinafunafuna magazi, tinangopeza timadontho titatu patsamba. Patapita masiku anayi mwini mundawo anaipha pafupi ndi malo omwewo ndi mfuti yake yaikulu, ndipo posenda tinalipeza bala langa lija. Linali lalikulu ngati chikhatho koma losazama, litayamba kale kununkha, tizidutswa ta mtovu titamwazikana pansi pa khungu. Chipolopolo chija chinalibe vuto ayi. Chinali chopangidwira nkhandwe, ine n'kuchituma ku nkhumba. Nyama ija inazunzika masiku anayi chifukwa choti sindinawerenge bokosi.

Kuyambira pamenepo, munthu akandifunsa kuti mfuti yabwino yosakira nyama ziwirizi ndi iti, ndimamuuza kuti imene ali nayoyo mwina ndi yokwanira kale. Nkhani yagona pa kapangidwe ka mutu wa chipolopolo, kachitsulo kamene kamachoka mumpope n'kukalowa m'nyama, osati chigoba chimene chimagwa pansi kapena dzina la mfuti.

Nkhumba zimenezi si nguluwe zathu zija, ngakhale kuononga kwake m'munda n'kofanana. Ndi zidzukulu za nkhumba zoweta zimene anthu a ku Spain anafika nazo m'zaka za m'ma 1500. Hernando de Soto anatsika nazo ku Florida mu 1539, ndipo pambuyo pake zinasakanikirana ndi nkhumba zakutchire za ku Ulaya zimene anthu ena anaitanitsa kuti azisaka. Unduna wa zaulimi wa dzikolo, USDA, umati zilipo zoposa 6 miliyoni m'zigawo pafupifupi 35, ndipo Texas ndiye ili ndi zochuluka zedi. Nkhandwe ya kumeneko, imene amaitchula kuti coyote, ndi yokulirapo kuposa yathu, ndipo imagwira ana a nkhosa, a mbuzi, nkhuku, nthawi zina ngakhale mwana wa ng'ombe wongobadwa kumene. Mlimi akakuitanani kuti mukamuthandize, nyama ziwirizi mumakumana nazo m'munda umodzi usiku umodzi, mfuti ili imodzi. Vuto lonse limayambira pamenepo.

Choyamba, funsani za lamulo musanagule kalikonse

Safunsa anadya phula. Ku Texas, kuyambira mu 2019, nkhumba zakutchire mungazisake pamalo a mwini popanda laisensi ya ulenje, bola mwini maloyo wakulolani. Nkhandwe ndi ina: imafuna laisensi, pokhapokha ngati ikugwira ziweto kapena yangozigwira kumene. Aliyense wobadwa kuyambira pa 2 September 1971 amayenera kuchita maphunziro a ulenje amene chigawocho chimafuna.

Abale athu amene muli kumeneko ndi visa ya sukulu kapena ya ntchito, imvani bwino apa. Lamulo la dziko lonse silikulolani kukhala ndi mfuti kapena zipolopolo, ndipo njira imene ambiri amadzera ndi kukhala ndi laisensi ya ulenje yomwe nthawi yake sinathe. Ndiye ngakhale mlimi akuuzeni kuti nkhumba sifuna laisensi, inuyo gulani laisensiyo.

Ku California, kuyambira pa 1 July 2019, kusaka nyama iliyonse ndi chipolopolo cha mtovu n'koletsedwa. Ngati muli kumeneko, lamulo lakusankhirani kale: gulani cha kopa.

Chachiwiri, ganizirani zimene chipolopolo chikakumane nazo

Nkhandwe ndi kanyama kopyapyala. Zambiri zimalemera makilogalamu pakati pa 9 ndi 20, ndipo ubweya wa m'nyengo yozizira ndi umene umazionetsa ngati zazikulu. Mukaisenda mupeza chifuwa chopapatiza ndi nthiti zoonda ngati za galu wa m'mudzi. Chipolopolo chili ndi mainchesi ochepa chabe oti chigwiremo ntchito. Chikachedwa kutambasuka chimangodutsa ngati singano, nyama n'kuthawa kukafera kutali. Komanso ndi yochenjera. Ikamva mlenje akuliza kachipangizo kotsanzira kalulu wogwidwa, imazungulira kuti imve fungo, n'kuima patali, mayadi 150, 200, nthawi zina 300. Pamenepo mukufunika chipolopolo chothamanga, chosagwa msanga, chotambasuka chikangokhudza nyama.

Nkhumba njosiyana pa chilichonse. Zambiri zimene mudzaone ndi za makilogalamu 40 mpaka 90, koma yamphongo yokhwima imatha kuposa 130. Kunja kuli ubweya wolimba wodzaza matope ouma, chifukwa imakonda kugubuduka m'zithaphwi. Kenako khungu lokhuthala. Pansi pa khungulo, yamphongo ili ndi chimene alenje amachitcha chishango, mnofu wolimba gwa umene umaphimba kuyambira m'khosi, phewa, mpaka nthiti zakutsogolo. Chimakula ndi msinkhu ndipo chimaiteteza ku mano a zinzake zikamamenyanirana zazikazi. Pa yokalamba chimatha kufika masentimita 5. Ine ndinachimvetsa tsiku limene ndinkasenda yamphongo ina yaikulu: mpeni umene unali utangodula khungu la pamimba mosavuta unafika paphewa n'kuima, ndikukankha ndi manja awiri, ukungolira ngati ndikucheka tayala. Pansi pa chishangocho ndiye pali fupa la phewa, kenako mtima ndi mapapo.

Pali chinanso. Mafuta ndi khungu la nkhumba zimatseka bala, moti magazi amatuluka ochepa kwambiri. Usiku m'zitsamba zaminga, nkhumba yokhala ndi bala limodzi lolowera n'kovuta kuitsata. Mabala akakhala awiri, lolowera ndi lotulukira, magazi amadontha ndipo mumakhala ndi choti mulondole.

Tsono mfundo imene malangizo onsewa aimapo ndi iyi: ngati mukufuna chipolopolo chimodzi cha nyama zonse ziwiri, sankhirani nkhumba. Chipolopolo cholimba cha nkhumba chimapha nkhandwe, bola muloze bwino. Chofewa cha nkhandwe chimavulaza nkhumba.

Chachitatu, werengani mpope wa mfuti yanu

Pa mpope pamalembedwa mtundu wa zipolopolo zimene mfutiyo imadya. Zolembedwa pabokosi zifanane ndi zimenezo chilembo ndi chilembo. Mfuti yolembedwa 5.56 NATO imadya .223 Remington bwinobwino, koma yolembedwa .223 Remington musaiikire 5.56, chifukwa mphamvu ya wonga imakwera kupitirira muyezo. Choopsa kwambiri ndi .300 Blackout, chimene chimatha kulowa mu mfuti ya .223 n'kuiphulitsira m'manja mwanu. Ngati muli ndi mfuti zonse ziwirizi, magazini ake, timabokosi toikamo zipolopolo, asakhale m'chikwama chimodzi, makamaka usiku.

Kenako dziwani mapotedwe a mizere ya mkati mwa mpope, amene amati twist. Mizereyi ndi imene imazungulitsa chipolopolo kuti chiwuluke mutu uli kutsogolo. Mukaona 1:8, ndiye kuti chipolopolo chimazungulira kamodzi pa mainchesi 8 aliwonse. Nambala yachiwiriyo ikachepa, kuzungulirako kumafulumira, ndipo mpopewo umatha kugwira zipolopolo zazitali. Mfuti zakale za .223 zambiri ndi 1:12, zoyenera zipolopolo zopepuka, pomwe za masiku ano zambiri ndi 1:9, 1:8 kapena 1:7. Ngati sipanalembedwe, pimani nokha. Onetsetsani kuti mfuti ilibe kanthu, lowetsani ndodo yotsukira yokhala ndi kansalu kothina, ikani chizindikiro pamwamba pa ndodoyo, muikankhe pang'onopang'ono mpaka chizindikirocho chitazungulira kamodzi, kenako pimani mainchesi amene ndodo yayenda.

Pimaninso kutalika kwa mpope. Liwiro lolembedwa pabokosi nthawi zambiri analipimira mumpope wa mainchesi 24. Chipolopolo cha .223 cha magreni 55 (magreni ndi muyezo wa kulemera kwa mutu) chimene bokosi likuti chimathamanga mafiti 3,240 pa sekondi, mumpope wa mainchesi 16 chimatuluka pa liwiro la pafupifupi 3,000. Nambala imeneyi tiifuna kutsogoloku.

Chachinayi, dziwani mitundu ya mitu ya zipolopolo

Apa ndiye pofunika kukhala pansi, chifukwa mabokosi onse m'sitolo amaoneka okongola, ena ajambulapo ndi nkhumba yomwe. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Werengani dzina la mutu, osati chithunzi.

Tichotse kaye ziwiri. Zolembedwa FMJ, zokutidwa ndi chitsulo mpaka kunsonga, ndi zotchipa ndipo n'zabwino kuphunzirira kuwombera chandamale, koma sizinapangidwe kuti zitambasuke. M'nyama simudziwa chimene zichite, ndipo zikagunda nthaka youma kapena mwala zimadumpha n'kupita kutali, kumene kungakhale ng'ombe kapena nyumba. Zija za nsonga yobiriwira za asilikali zilinso m'gulu lomweli. Zina ndi za mpikisano, zolembedwa match. Zimalondola chandamale modabwitsa, koma kampani ya Sierra yeniyeniyo salimbikitsa kusakira nyama ndi MatchKing wake. Mudzamva anthu akuti anaphera nazo nkhumba zambiri, ndipo sakunama, koma ine sindingakuuzeni kuti muyambire pamenepo.

Gulu loyamba lenileni ndi la zophwanyika msanga, zolembedwa varmint: Hornady V-Max, Nosler Ballistic Tip Varmint, Sierra BlitzKing, Speer TNT. Chikuto chake cha kopa ndi chopyapyala, mtovu wake ndi wofewa, ndipo zambiri zili ndi kansonga ka pulasitiki kamene kamakankhidwira mkati chikagunda. Chikalowa m'chifuwa cha nkhandwe chimanyenyeka pomwepo, nyama n'kugwa osasuntha phazi. Ngati mukufuna chikopa, zimenezi ndiye zanu, chifukwa nthawi zambiri zimasiya kabowo kamodzi kolowera basi. Zilinso ndi ubwino wakuti zikaphonya n'kugunda pansi kawirikawiri zimasweka m'malo modumpha. Koma paphewa la nkhumba yamphongo zimachita zimene ndafotokoza pamwamba paja.

Gulu lachiwiri ndi la zachikale, mtovu woikidwa m'chikuto cha kopa popanda kumata, nsonga yake ya mtovu ikuonekera. Remington Core-Lokt, imene inatuluka mu 1939, Winchester Power-Point, Hornady InterLock ndi Sierra GameKing zili apa. Anthu ena amazinyoza chifukwa n'zotchipa, koma mu mfuti yaikulu ngati .308 zapha nkhumba zosawerengeka. Kufooka kwake n'kwakuti zikagunda fupa lolimba pa liwiro lalikulu, mtovu umatha kuvula chikuto chake, chilichonse n'kulowera kwake. Chipolopolo chikakhala cholemera, monga magreni 150, zotsalazo zimafikabe m'mapapo. Chikakhala cha magreni 55, sipatsala kanthu.

Gulu lachitatu linabadwa chifukwa cha vuto lofanana ndi lathuli. Mu 1946 John Nosler ankasaka ku British Columbia, ku Canada, ndipo anawombera chinyama chachikulu chotchedwa moose chitadzola matope thupi lonse. Zipolopolo zake zinalephera kuboola bwino. Atabwerera kwawo anapanga mutu wokhala ndi khoma la kopa pakati, zipinda ziwiri za mtovu, ndipo mu 1948 anayamba kugulitsa Nosler Partition. Chipinda chakutsogolo chimatambasuka msanga, chakumbuyo chimatsala chathunthu n'kupitiriza kuboola. Pa nyama ziwiri zathuzi khalidwe limeneli ndi lamtengo wapatali, popeza kutsogoloko kumatseguka ngakhale m'kachifuwa ka nkhandwe pomwe kumbuyoko kumapyola chishango cha nkhumba. M'gulu lomweli ndikuikamo zolembedwa bonded, zimene mtovu wake anaumatirira ku chikuto kuti zisalekane: Federal Fusion, Speer Gold Dot, Nosler AccuBond. Zimatambasuka ngati bowa, n'kusunga gawo lalikulu la kulemera kwake.

Gulu lomaliza ndi la kopa, lopanda mtovu: Barnes TSX ndi TTSX, Hornady CX, Nosler E-Tip. Kampani ya Barnes ndi imene inatchukitsa mtundu umenewu ndi X Bullet mu 1989. Nsonga yake imang'ambika n'kutseguka ngati duwa, ya Barnes imakhala ndi timasamba tinayi, ndipo chipolopolo sichitaya pafupifupi kalikonse. Pa kuboola palibe chochiposa, n'chifukwa chake chimathandiza kwambiri mfuti zing'onozing'ono. Komanso nyama yake imakhala yopanda tizidutswa ta mtovu, zimene n'zofunika ngati kunyumba kuli ana kapena mayi woyembekezera. Koma chili ndi zofuna zake, zimene tikambe tsopano.

Chachisanu, yerekezani kulemera ndi liwiro

Kulemera kwa mutu kumalembedwa m'magreni. Galamu imodzi ndi magreni pafupifupi 15.4, ndiye chipolopolo cha magreni 55 ndi magalamu 3.6 chabe, cha 150 ndi magalamu 9.7.

Kulemera pakokha sikunena zonse. Chofunika ndi kulemera poyerekeza ndi kukula kwa thupi la chipolopolocho, zimene amati sectional density. Ganizirani msomali ndi ndalama yachitsulo zolemera mofanana: msomali umalowa m'thabwa, ndalama ayi. Cha .224 (kukula kwa mutu wa chipolopolo cha .223) cha magreni 55 nambala yake ndi 0.157, cha magreni 62 ndi 0.177, cha .243 cha magreni 100 ndi 0.242, cha .308 cha magreni 150 ndi 0.226, pomwe cha mamilimita 6.5 cha magreni 140 ndi 0.287. Pa zipolopolo za mtovu, nambala ikakwera ndiye kuti chiboola kwambiri. Mukuonanso pamenepa chifukwa chake mfuti ya .223 ilibe mpata wolakwitsa: nambala zake ndi zochepa, ndiye kapangidwe ka mutu ndi kamene kayenera kulipirira.

Kopa amasintha masamu amenewa. Ndi wopepuka kuposa mtovu, choncho chipolopolo cha kopa cha magreni 62 ndi chachitali kuposa cha mtovu cha magreni 62, ndipo chimafuna mpope wopota mofulumira. Cha TSX cha magreni 62 chimafuna 1:9 kapena wofulumira kuposa apo, cha magreni 70 chimafuna 1:8. Chachiwiri, kopa ndi wolimba, moti amafuna liwiro kuti atseguke. Alenje ambiri salola kuti chifike panyama chili pansi pa mafiti 2,000 pa sekondi, ngakhale mitundu ina imatseguka pa liwiro locheperapo. Ndiye ndi kopa tsikani pa kulemera: mu .308 tengani magreni 130 kapena 150 m'malo mwa 180. Sichitaya kulemera m'njira, choncho simufunika kuyamba ndi kochuluka. Apa ndi pamene kutalika kwa mpope kuja kumabwerera. Mpope waufupi umayamba ndi liwiro lochepa, ndiye mtunda umene chipolopolo chingatsegukire umafupikanso. Onani tebulo la liwiro la kampani yopanga, chotsanipo zimene mpope wanu umataya, mupeze mtunda umene liwiro limatsika pa 2,000. Amenewo ndiwo malire anu.

Chachisanu ndi chimodzi, sankhani malinga ndi mfuti imene muli nayo

Ngati ndi .223 kapena 5.56, imene ndi yofala zedi, chipolopolo cha nyama zonse ziwiri chikhale Federal Fusion ya magreni 62, Gold Dot ya 62, Partition ya 60, kapena TSX ya 55 kapena 62. Ine pa nkhumba sindipitirira mayadi 150 ndi mfuti imeneyi, ndipo yamphongo yaikulu ndimaidikira kuti iime bwino. Tsiku limene mwapita kukaitana nkhandwe zokha ndipo mukufuna zikopa, ikani V-Max kapena Ballistic Tip Varmint ya magreni 50 mpaka 55. Nkhumba ikatulukira tsiku limenelo, isiyeni ipite, kapena dikirani mpata wa kuseri kwa khutu ili pafupi.

Ya .22-250 Remington ndi mfumu ya nkhandwe, imaponya magreni 55 pa liwiro loposa mafiti 3,600 pa sekondi. Koma yambiri ili ndi mpope wa 1:14, umene sugwira zipolopolo zazitali zolimba, ndipo liwiro lakelo limaphwanya zofewa msanga kwambiri. Pa nkhumba si yoyambira. Ya .204 Ruger ndi ya nkhandwe basi.

Mukandifunsa mfuti imodzi ya ntchito zonse ziwiri, ndikuuzani .243 Winchester. Siguguda phewa, imaponya mowongoka, ndipo ndi TTSX ya magreni 80, Fusion ya 95 kapena Partition ya 95 kapena 100 imaboola nkhumba yaikulu popanda nkhawa. Chikopa cha nkhandwe chimawonongeka ndithu, koma mlimi amene akulira ana a mbuzi ake sakufunsani za chikopa.

Mfuti ziwiri za 6.5, Grendel ndi Creedmoor, zonse zimachita bwino. Mu Grendel, magreni 120 mpaka 123, monga Fusion kapena Hornady SST. Mu Creedmoor, kopa wa magreni 120 kapena bonded ya 140.

Ya .308 Winchester ndi imene imakhululuka kwambiri. Chipolopolo wamba cha nsonga ya mtovu cha magreni 150 n'chokwanira, ndipo ngati kwanuko kuli zamphongo zikuluzikulu, tengani bonded ya 165. Simufunika kuwononga ndalama zambiri apa.

Mu .300 Blackout, Barnes TAC-TX ya magreni 110 inapangidwira liwiro lochepa la mfutiyi ndipo imagwira ntchito pa mtunda waufupi. Zolemera zija zoyenda pang'onopang'ono kuti zisamveke phokoso, zambiri sizitambasuka n'komwe. Mukazifuna, gulani zokhazo zopangidwira kusaka, ndipo muziwombera pafupi kwambiri. Mu 7.62x39, zotchipa zambiri ndi FMJ, ndiye funani za nsonga ya mtovu za magreni 123.

Chachisanu ndi chiwiri, yesani mu mfuti yanuyo

Mfuti ziwiri zotuluka m'fakitale imodzi zimatha kukonda zipolopolo zosiyana, choncho zimene ndalemba pamwambazi ndi poyambira chabe. Gulani bokosi limodzi la mitundu iwiri kapena itatu. Tsukani mpope, makamaka ngati mukusintha kupita ku kopa. Khazikani mfuti pa matumba a mchenga, chandamale chikhale pa mayadi 100, omwe ndi mamita 91. Wombani zisanu za mtundu umodzi, mosathamanga, mulole mpope uzizire, kenako mtundu wina pa pepala lina.

Yang'anani zinthu zitatu. Mabowo akhale ozungulira. Mukaona bowo lalitali ngati la kiyi, chipolopolo chikugubuduka m'mlengalenga chifukwa mpope wanu sukuchizungulitsa mokwanira, ndipo chimenecho chisiyeni. Kenako pimani kutalikirana kwa mabowo. Pa nkhumba mainchesi awiri n'zokwanira, koma ngati mudzawombera nkhandwe pa mayadi 250, funani inchi imodzi kapena imodzi ndi theka. Chachitatu, onani pamene chipolopolo choyamba chagwera mpope uli wozizira, chifukwa kutchire chimenecho ndicho chimagwira ntchito.

Mukasankha, konzani sikopu, galasi lolozera la pamwamba pa mfuti, ndi chipolopolo chomwecho. Mu .223 ya magreni 55 ndi mpope wautali, mukaikonza kuti izigunda pakati pa mayadi 200, pa 100 imagunda pafupifupi inchi imodzi ndi theka pamwamba, pa 300 pafupifupi mainchesi 7 pansi. Mphepo yopingasa ya mamailosi 10 pa ola imachikankha pafupifupi mainchesi 10 pa mayadi 300, komwe n'kuphonya nkhandwe yonse kapena, choipa kwambiri, kuigunda m'mimba. Ngati mukhala ndi mitundu iwiri, wa nkhumba ndi wa nkhandwe, musaganize kuti igwera pamalo amodzi. Wombani yonse, lembani kusiyana kwake pa kapepala, mumate pa mfuti.

Pali kuyesa kwina kumene ndimakukonda. Dzazani madzi m'zigubu zapulasitiki za mkaka zisanu ndi chimodzi kapena kuposa apo, muzindandalike mzere, kumbuyo kwake kukhale chulu kapena mulu wa dothi, muwombere pakati. Chophwanyika msanga chimaphulitsa chigubu choyamba, chachiwiri n'kupeza tizidutswa tokhatokha. Cholimba chimapitirira zingapo, ndipo mumachitola chili chotambasuka. Madzi si nyama, koma kusiyana kwa mitundu iwiriyi mumakuona ndi maso anu. Mukakhutira, bwererani kusitolo mukagule mabokosi angapo a nambala ya gulu imodzi, imene imalembedwa pa chivundikiro cha bokosi.

Pomaliza, lozani malo oyenera, kenako fufuzani zimene chipolopolo chachita

Amene anazolowera kusaka agwape amaloza kuseri kwa phewa. Pa nkhumba pamenepo m'pamimba, chifukwa mtima ndi mapapo ake zili kutsogolo komanso m'munsi, pakati pa miyendo yakutsogolo. Ikaima chopingasa, kwerani ndi mwendo wakutsogolo mpaka gawo limodzi mwa magawo atatu a thupi kuchokera pansi, kapena pamwamba pang'ono. Mukuona kuti malo amenewa ali pansi pa chishango ndi fupa, ndipo n'chifukwa chake takhala tikulimbikira chipolopolo cholimba. Kuseri kwa khutu kumagwetsa pomwepo, koma mutu wa nkhumba sukhazikika ikamadya, ndipo mukaphonya pang'ono mumathyola nsagwada, nyama n'kukafa ndi njala. Malo amenewo ndi a pafupi, nyama itaima zii, mfuti itatsamira pa chinthu. Nkhandwe ikaima chopingasa lozani paphewa kapena kuseri kwake pang'ono. Ikakuyang'anani, lozani pamene khosi lakumana ndi chifuwa.

Chipolopolo cholimba chimatulukira kuseri chidakali ndi mphamvu. Musanakoke, onani chimene chili kumbuyo kwa nyama. Usiku, mu sikopu yoona kutentha kwa thupi, mwana wa ng'ombe wogona amaoneka ngati nkhumba, ndipo galu wa mlimi amaoneka ngati nkhandwe. Ngati simunaone bwino mutu ndi kayendedwe, musawombe.

Nkhumba ikagwa, ifikireni chakumbuyo mfuti ili yokonzeka. Posenda valani magolovesi, chifukwa nkhumba zimenezi zimanyamula matenda a brucellosis amene amalowera m'zilonda za m'manja. Agalu musawapatse nyama yaiwisi kapena zam'mimba, popeza matenda a pseudorabies amawapha. Nyama yodya ipse mpaka mkati mwake mufike madigiri 71 a Celsius, ndipo ngati munawombera ndi mtovu, dulani mowolowa manja kuzungulira bala n'kutaya.

Ndiye tsatirani njira ya chipolopolo ndi mpeni. Onani pamene chinalowera, fupa limene chinathyola, mmene mapapo aonongekera. Ngati sichinatuluke, papasani khungu la mbali inayo, chifukwa nthawi zambiri chimakakamira pamenepo ngati kamwala. Chitsukeni, muchiike pa kasikelo. Cha kopa cha magreni 62 chimene ndinachotsa m'nkhumba yamphongo ina chinali chitapyola chishango ndi phewa, timasamba take tinayi titapindikira m'mbuyo, chitangotaya pang'ono pokha. Mukapeza chikuto chopanda mtovu, kapena chipolopolo chosatseguka n'komwe, lembani mtunda umene munawombera ndi kukula kwa nyamayo. Zikachitika kawiri, sinthani mtundu kapena fupikitsani mtunda musanapitenso kumunda.